Thonje ndi lathu, nsalu ndi ya eni: zomwe Manje angaphunzire kwa owomba nsalu a Chiyoruba

Loweruka ku Manje makina osokera amayamba kulira nkhungu isanachoke paphiri la Soche. Pakhonde la golosale telala wakhala kale pampando wake, tepi ili m'khosi, phazi likupalasa makina mosapumira. Pambali pake pali mulu wa nsalu za mtundu umodzi, za chinkhoswe cha masana ano. Amayi atatu aima chilili kudikira madiresi awo. Wina akuyang'ana nthawi pafoni, wina akukumbutsa kuti kansalu kotsala kasatayidwe chifukwa ndi ka duku. Kenaka pakufika mtsikana, ndipo atapereka moni akutambasula dzanja kuonetsa telala chithunzi cha pa WhatsApp: mkwatibwi wa ku Lagos, mpango waukulu wonyezimira uli njo pamutu, nsalu ina yokhuthala ya mizeremizere ili paphewa. Ukwati wake uli pafupi, ndipo akufuna zoterozo ndendende.

Masokedwewo telala wa ku Manje sangamuvute. Amisiri athu a pakhonde amangoona chithunzi kamodzi, mawa lake chovala chatuluka. Chovuta ndi nsaluyo. Imene ili pachithunzipo sinatuluke m'makina a fakitale, inawombedwa ndi manja. Dzina lake ndi Aso Oke, nsalu ya Ayoruba a kumwera chakumadzulo kwa Nigeria.

Tsono tatengani chitenje chimodzi pamulu uja muwerenge timawu ta m'mphepete mwake. Kawirikawiri mupeza dzina la kampani ya kutali, mawu a Chingerezi kapena Chifalansa, ndi nambala ya maluwa ake. Nsalu imene timati ndi ya chikhalidwe chathu, imene imatibereka tili makanda ndi kutiperekeza kumanda, nthawi zambiri imakhala itawoloka nyanja kapena malire isanafike m'chiuno mwa amayi athu. Dziko lino limalima thonje ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima, Mangochi ndi Karonga. Nanga zinatheka bwanji kuti Ayoruba asunge chowombera nsalu chawo mpaka kuchifikitsa ku Paris, ife n'kutaya chathu mpaka kuiwala kuti tinali nacho?

Nsalu ya kumtunda

M'Chiyoruba mawu akuti Aso Oke amatanthauza nsalu ya kumtunda, chifukwa anthu a kugombe monga ku Lagos ankailandira kuchokera m'matauni a m'katikati mwa dziko. Mwa matauniwa, Iseyin wa m'boma la Oyo ndiye amatchuka koposa, ndipo Ilorin nayenso ali ndi owomba ambiri. Kumeneko mmisiri amakhala pamthunzi, ulusi wautali utatambalala kutsogolo kwake mpaka kukamangidwa ku chinthu cholemera chimene chimakhwekhwerezeka pang'onopang'ono pamene nsalu ikukula. Zala zakuphazi zimakoka zingwe zotsegula ulusi, manja akuponyerana kamtengo konyamula ulusi wopingasa. Chotuluka pamenepo ndi kansalu kakatali koma kopapatiza ngati chikhatho cha munthu. Timizere totere timalumikizidwa m'mbalimbali mpaka kukwana chovala.

Mitundu yake yakale ndi itatu. Etu ndi yabiriwita wakuda wokhala ndi timizere toyera. Sanyan ndi yotuwa mofiirira, ndipo kale inkawombedwa ndi ulusi wochokera ku zisa za mbozi za kutchire. Alaari ndi yofiira kwambiri. Amayi amaidula kukhala gele, mpango wa kumutu uja timauona m'mafilimu a ku Nigeria, komanso ipele ya paphewa ndi iro ya m'chiuno. Abambo amasoketsa agbada, mkanjo waukulu wa manja otambalala, ndi kachipewa kotchedwa fila.

Nsalu imeneyi yafika patali. Kenneth Ize, wokonza zovala amene anabadwira ku Lagos n'kukulira ku Austria, anamanga ntchito yake pa Aso Oke. Mu 2019 anafika m'ndime yomaliza ya mphotho ya LVMH, yomwe ndi imodzi mwa mphotho zikuluzikulu za achinyamata okonza zovala padziko lonse. Mu February 2020 anaonetsa zovala zake pa chionetsero cha mafashoni cha ku Paris, ndipo Naomi Campbell anayenda nawo pabwalo atavala nsalu yowombedwa ndi manja a anthu a ku Nigeria. Lero Aso Oke ikusokedwa majekete, zikwama ndi nsapato, ndipo Anaijeriya okhala ku London, Houston kapena Johannesburg amaitanitsa ya ukwati wawo kudzera pa Instagram.

Sikuti kumeneko zonse zili myaa. Ulusi wambiri umene owomba a lero akugwiritsa ntchito ndi wa m'fakitale, wogula kunja, kotero ndalama ya naira ikagwa mtengo wa nsalu umakwera. Pamsika palinso nsalu zotengera, zopangidwa ndi makina, zotchipa, zimene wosadziwa sangazisiyanitse ndi zenizeni. Msika wa dziko lonse umene unawatsegulira khomo ndi womwewo umene ukuwalowetsera mpikisano m'nyumba. Komabe chowombera sichinakhale chete.

Ifenso tinkawomba

Achinyamata ambiri a ku Manje amaganiza kuti makolo athu anachoka pa zikopa ndi nyanda n'kulumphira pa nsalu ya mzungu. Mbiri ikukana. N'zoona kuti nyanda, kapena kuti chiwondo, inalipo: ankasenda khungwa la mtengo monga mombo, n'kulisula ndi chibonga mpaka litafewa. Koma nsalu ya thonje inaliponso, yolimidwa, yopotedwa ndi kuwombedwa konkuno.

David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje pafupifupi banja lililonse, ndipo m'midzi ankaona anthu akulichotsa njere, kulipota ndi kuliwomba. Analembanso kuti anthuwo ankasiyanitsa mitundu ya thonje: lina ankati la manga, kutanthauza lobwera, ndipo lina linali la makolo, lalifupi ulusi koma lolimba. Owomba anali amuna, ndipo chowombera chawo ankachikhomera pansi ndi zikhomo. Zaka mazana awiri Livingstone asanabwere, Apwitikizi anali atalemba kale za nsalu yotchedwa machila, imene inkachokera m'dziko la Amaravi ndi m'chigwa cha Zambezi n'kumagulitsidwa mpaka kugombe la Mozambique.

Chichewa chathu chinasunga umboni umene ife tinaiwala. Machira amene timanyamulira wodwala lero anatenga dzina ku nsalu yolimba ija, imene ankaimangirira ku mtengo n'kunyamuliramo anthu olemekezeka paulendo. Ngakhale mawu akuti njinga, amene lero timangodziwa kuti ndi ya kabaza, poyamba ankatchulira kachipangizo kozungulira kopotera ndi kukulungira thonje. Tsiku lililonse timatchula zida za owomba nsalu osadziwa kuti tikuzitchula.

Chinapha luso limeneli n'chiyani? Yankho lachangu ndi lakuti nsalu yakunja. Inabweradi: merikani yochokera ku America kudzera ku Zanzibar, kaniki wa ku India, kenaka nsalu za ku Manchester. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876 ndi kampani ya African Lakes, imene timaidziwa kuti Mandala, itayamba mu 1878, antchito ambiri ankalipidwa nsalu m'malo mwa ndalama. Koma ofufuza mbiri akuti nkhani siithera pamenepo. Elias Mandala, amene analemba mbiri ya Chigwa cha Shire, ndi Katharine Frederick, amene buku lake la 2020 likufotokoza za kutha kwa ntchito yowomba nsalu m'chigawo chino cha Africa, akusonyeza kuti nkhondo zogwira akapolo ndi chilala chadzaoneni cha 1862 ndi 1863 zinabalalitsa midzi ya Amang'anja. Anthu ambiri anafa, ena anathawa, ndipo otsala anaika mphamvu zawo pa chakudya ndi mbewu zogulitsa. Atsamunda atafika analimbikitsa thonje, koma lotumiza ku mafakitale a ku Britain. Kuyambira pamenepo tinakhala olima thonje ndi ogula nsalu, ntchito ya pakati n'kuisiyira ena.

Chitenje cha Java ndi fakitale ya ku Makata

Amayi akamasankha nsalu ku Limbe n'kumafunsa ngati ili ya Java, amakhala akutchula chilumba cha ku Indonesia. Kumeneko ndi kumene kunachokera luso lojambula maluwa pansalu ndi phula. Adatchi anatengera lusolo n'kuyamba kulichita ndi makina, ndipo kampani ya Vlisco ya ku Helmond, imene inayamba mu 1846, ilipo mpaka lero. Nsalu zawo zinapeza msika waukulu ku Africa, ndipo ife tinazilandira, n'kuzipatsa ntchito ndi ulemu umene eni ake sanauganizireko. Chitenje ndi chathu chifukwa cha mmene timachivalira, koma kubadwa kwake ndi kwa maiko ambiri.

Titalandira ufulu tinayesa kubweza ntchito ya pakati ija. Mu 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre, m'dera la mafakitale la Makata pafupi ndi Ndirande. Thonje la ku Chigwa cha Shire linkalowa khomo lina, n'kutulukira khomo lina lili nsalu. Anthu zikwi zingapo ankagwira ntchito kumeneko, ndipo mabanja ambiri a ku Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ndi Bangwe anaphunzitsa ana ndi malipiro a ku Whitehead. Msika unali wotsimikizika. Katundu wakunja ankalowa movutikira, mbumba za Kamuzu zinkavala nsalu ya chipani pamisonkhano, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka pamene linachotsedwa mu 1993.

Zipata za malonda zitatsegulidwa, fakitaleyo inayamba kudwala. Kampani ya Lonrho, imene inali ndi gawo m'fakitaleyo, inachokamo m'zaka za m'ma 1990, boma linatsala nayo, ndipo mu 2003 inagulitsidwa ku kampani ya Mapeto pa mtengo wa K73 miliyoni, umene unabutsa mkangano waukulu m'dziko muno. Fakitaleyo ilipobe ndipo ikusindikizabe zitenje, kuphatikizapo za mipingo, mabungwe ndi zipani. Koma pamsika wa tsiku ndi tsiku ikulimbana ndi nsalu za ku China, India ndi Tanzania, zolowera pa Songwe, Mchinji, Dedza ndi Mwanza.

Pamwamba pa zonsezi panabwera kaunjika. Bale likatsegulidwa pamsika wa Manje kapena wa Limbe, anthu amaunjikana, manja ali m'mulu, wogulitsa akukuwa kuti sankhani nokha. Palibe chifukwa chonyozera zimenezi. Kaunjika wavala ana amene akanayenda ndi zigamba, ndipo walipira lendi ndi fizi m'nyumba zambiri za m'tauni muno. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Manje ndi Chilobwe, zovala za kaunjika ndi zitenje zotchipazi ndi zimene zinafunditsa anthu m'misasa. Amene amafuula kuti kaunjika aletsedwe akumbukirenso zimene zinaonekera Rwanda: atakweza msonkho wa zovala zakale mu 2016, dziko la America linamuchotsera mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko mopanda msonkho mu 2018. Msika umenewu uli ndi eni ake amphamvu.

Koma akuluakulu anati nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa bale, wa chitenje, wa ulusi ndi wa zipi zomwe unakwera, chifukwa zonsezi timazigula ndi ndalama yakunja imene tilibe yokwanira.

Chinsinsi chili pa ukwati

Ku Nigeria nakonso kaunjika aliko, nsalu za ku China ziliko, ndipo mafakitale awo ambiri a nsalu, monga a ku Kaduna, anatsekedwa. Aso Oke inapulumuka osati chifukwa chotchipa. Ndi yodula, yolemera, ndipo palibe amene amaivala popita kumsika. Inapulumuka chifukwa Ayoruba anaipatsa tsiku lake. Mkwati ndi mkwatibwi pa ukwati wa chikhalidwe, makolo awo, mfumu polongedwa ufumu, ana poika kholo lawo lokalamba, onsewa amadziwa kuti tsikulo ndi la nsalu yowombedwa. Ali ndi mwambo wa aso ebi, nsalu ya banja, pamene achibale ndi abwenzi amavala zofanana. Ngakhale chovala chikhale cha lesi wakunja, gele ndi fila kawirikawiri zimakhala za Aso Oke. Ukwati uliwonse umatumiza ndalama kwa mmisiri wa ku Iseyin, ndipo mnyamata wa kumeneko akaona kuti chowombera cha bambo ake chikudyetsa banja, amakhala pansi n'kuphunzira.

Chachiwiri, owombawo sanaumirire zakale zokha. Analandira ulusi wonyezimira, mitundu yatsopano, nsalu yopepuka yoti achinyamata aivale mosavuta, ndipo anaika ntchito yawo pafoni. Anatenga zakunja n'kuzilowetsa m'chowombera chawo, m'malo mosiya chowomberacho.

Mwambo wovala zofanana ifenso tili nawo, ndipo ndi wamphamvu. Palibe chinkhoswe ku Manje chopanda nsalu yake. Komiti imasankha chitenje, uthenga umayenda pagulu la WhatsApp, aliyense amagula mamita ake. A Mvano, a Dorika, Amayi a Chikatolika, mabanki a m'mudzi, onse ali ndi nsalu zawo. Ku Chonde pa Mulhako wa Alhomwe, ku Mkaika pa Kulamba, ku Ntcheu pa Umhlangano ndi ku Hora pa Umthetho, anthu miyandamiyanda amavala nsalu ya mtundu wawo. Msika umene unasunga Aso Oke ulipo pakati pathu Loweruka lililonse. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama yathu imathera kwa wosindikiza ndi woitanitsa katundu, osafika kwa wowomba.

Luso losoka nalo silikusowa. Wokonza zovala Lilly Alfonso waonetsa zovala zake kunja kwa dziko lino. Mu September 2019 Meghan Markle anavala diresi la kampani ya Mayamiko, losokedwa ku Lilongwe, pa ulendo wake wa ku Cape Town, ndipo dzina la Malawi linamveka m'nyuzipepala za maiko ambiri. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu March 2016, ndipo kuvala chitenje Lachisanu kunafala m'maofesi. Zonsezi n'zabwino, koma zikuyambira pa lumo ndi singano. Funso la kumene nsaluyo yachokera timalilumpha.

Chowombera chili ku Bangwe

Chodabwitsa n'chakuti yankho silili kutali ndi Manje. Kungodutsa Limbe n'kulowera ku Bangwe kuli fakitale yowomba nsalu ndi manja, imene kwa zaka zambiri yakhala pansi pa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, lomwe tsopano likutchedwa MACODA. Kumeneko anthu aulumali amawomba makapeti, nsalu za patebulo ndi zokongoletsera khoma, amanyika nsalu mu utoto, amasindikiza ndi kusoka. Ambiri a ife timadutsa pafupi pa minibasi osalowako, ndipo timaganiza kuti katundu wa kumeneko ndi wa alendo ndi mahotela. Koma manja amene amadziwa kuyala ulusi ndi kuponya wopingasa ndi omwewo amene angawombe mpango wa mkwatibwi. Luso limene linazima ku Chigwa cha Shire likufukabe utsi ku Bangwe, ndipo amene alisunga ndi anthu amene dziko limawaiwala kawirikawiri.

Palibe amene akunena kuti mayi wogulitsa tomato asiye chitenje chake chotchipa n'kuvala nsalu yowombedwa ndi manja popita kumsika. Nsalu yotere imatenga masiku, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa makina. Chofunika ndi kuipatsa tsiku lake. Banja limene likukonza chinkhoswe lingathe kusiya khamu lonse livale chitenje monga mwa masiku onse, koma mkwati, mkwatibwi ndi ankhoswe avale kansalu ka paphewa kapena duku wowombedwa kuno. Mafumu athu pa miyambo ya chaka ndi chaka angachite chimodzimodzi. Masukulu athu aukachenjede angaike kansalu kotere pa mikanjo ya omaliza maphunziro, monga zimachitikira ndi kente ya ku Ghana, imene bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu December 2024. Ife m'kaundula yemweyo tili ndi zinthu monga Gule Wamkulu, Vimbuza, Tchopa ndi nsima, koma nsalu tilibemo.

Ntchito ina ndi ya mabungwe. TEVETA, imene imaphunzitsa kale utelala, ingawonjezere kuwomba nsalu m'makoleji monga wa Soche, aphunzitsi ake n'kukhala amisiri a ku Bangwe. Bungwe la Cotton Council, limene linadza ndi lamulo la thonje la 2013, lingakambirane ndi ochotsa njere ndi opota ulusi kuti gawo lina litsale kuno pa mtengo woti mmisiri wamng'ono akwanitse, pakuti popanda ulusi wodalirika chowombera chimangokhala mitengo. Nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri ingasonkhanitse okonza zovala ndi ofufuza mbiri kuti aone pamodzi maonekedwe a nsalu za makolo, kuti chimene tiwombe chisakhale Aso Oke yotengera koma nsalu ya kuno, ya mitundu ndi mizere yathu. Mutu umodzi susenza denga: mlimi wa ku Ngabu, wopota ulusi, wowomba wa ku Bangwe ndi telala wa ku Manje ayenera kulumikizidwa ngati timizere ta nsalu ija.

Mtsikana uja wa chithunzi cha pafoni sanalakwe kusirira mkwatibwi wa ku Lagos. Chimene anasirira ndi ulemu wa munthu wovala ntchito ya manja a kwawo pa tsiku lake lalikulu, ndipo ulemu umenewo sugulidwa mushopu. Inu amene muli m'komiti ya chinkhoswe kapena ukwati chaka chino, musanatume munthu ku Limbe kukasankha nsalu, tumani wina ku Bangwe akafunse chimene owomba a kumeneko angakupangireni. Ngakhale atakhala maduku awiri okha, ndalamayo idzatsala m'manja mwa Mmalawi, ndipo chowombera cha makolo athu chidzayambanso kulira.